Kukana nkhondo si kupinda manja: tikambirane za mawu akuti pacifism

Inu muli kumbuyoko sunthirani kuno pang'ono kuti timvane bwino.

Nkhani ya leroyi yabadwa pa mkangano. Ulendo watha uja tikukambirana za nkhondo zimene tikuziona pa mafoni athu, za ku Sudan, za ku Gaza, za kum'mawa kwa DRC, mnzathu wina ananena kuti iyeyo ndi pacifist. Wina anamuyankha pompo kuti, "Aaa asisi, ndiye kuti inu munthu akakupondani mumangoti zikomo?" Tinaseka ndithu, koma tinabalalika tisanamvane. Ena anapita kwawo akuganiza kuti pacifist ndi munthu wamantha, ena akuganiza kuti ndi munthu wofatsa mopitirira muyeso. Nde tinati ayi, mawu amenewa tiwakhalire pansi.

Mwina wina akuti, za mawu a Chingerezi zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa mkati mwa mawu amenewa muli mawu ena amene ife atsikana timawamva kuyambira tili ana: mtendere. Ndi angati muno anauzidwapo kuti "khala chete kuti pakhale mtendere"? Taonani manjawo. Ngati sitimvetsa kuti kufuna mtendere kumatanthauza chiyani, aliyense azitipatsa tanthauzo lomukomera iyeyo.

Tiyambe ndi komwe mawuwa anachokera. Pacifism ndi mawu a posachedwa, angopitirira pang'ono zaka 120. Anawapanga ndi Émile Arnaud, katswiri wa zamalamulo wa ku France yemwe ankatsogolera gulu lina lolimbikitsa mtendere, ndipo anayamba kufala mu 1901 pa msonkhano waukulu wa zamtendere umene unachitikira ku Glasgow. Anthu a m'magulu amenewo ankangotchedwa abwenzi a mtendere, ndiye iye anafuna dzina losonyeza kuti ali ndi mfundo zawo, ngati mmene magulu ena andale alili ndi mayina awo. Muzu wake ndi mawu awiri a Chilatini: pax, kutanthauza mtendere, ndi facere, kutanthauza kupanga kapena kuchita. Mukawalumikiza mukupeza "kupanga mtendere". Mwamva mawu achiwiriwo? Kupanga. Ndi ntchito, ngati kuumba njerwa kapena kuphika nsima. Munthu wopinda manja sapanga kanthu.

Vuto n'lakuti m'Chingerezi muli mawu ena omveka mofanana, akuti passive, onena za munthu wongokhala, wongolandira chilichonse chimene chamugwera. Pakamwa amamveka ngati pachibale, koma mizu yake ndi yosiyana. Passive anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuvutika kapena kupirira. Eya, kupirira komwe kuja kwa "banja n'kupirira". Ngakhale eni Chingerezi amawasokoneza mawu awiriwa, ndiye mnzathu uja tisamuseke kwambiri. Gandhi naye anakumana ndi vuto lomweli ali ku South Africa. Anthu ankatcha kulimbana kwake ndi malamulo atsankho kuti passive resistance, iye dzinalo silinamusangalatse chifukwa linkamveka ngati chida cha anthu ofooka. Anafunafuna dzina lina la kwawo mpaka anapeza lakuti satyagraha, kugwiritsitsa choonadi.

Palinso msampha wina. Kuchokera ku pax yemweyo kunabadwa mawu ena akuti pacification. Awa ankawakonda atsamunda. Akapita ndi mfuti kukagonjetsa mafumu, kutentha midzi ndi kukakamiza anthu msonkho, m'mabuku mwawo ankalemba kuti akukhazikitsa mtendere. Kuno kwathu zinachitika m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, pamene anamenyana ndi mafumu monga Makanjira, ndipo mu 1896 anapha Inkosi Gomani Chikuse. Ku America, kanthu kaja amakaika mwana kukamwa kuti asiye kulira amakatcha pacifier. Mwana sanakhute, thewera lanyowabe, koma phokoso latha. Mwaonatu: muzu umodzi, koma wina akufuna kupanga mtendere, wina akufuna kungotseka pakamwa.

Chichewa chathu chili ndi nzeru pamenepa, chifukwa tili ndi mawu awiri: bata ndi mtendere. Andale amakonda kuwatchulira limodzi, "bata ndi mtendere", ngati ndi mapasa. Koma taganizani. Nyanja imachita bata. Kumanda kuli bata. Nyumba imene mayi amamenyedwa koma salira mokweza, aneba amati pakhomo paja m'pabata. Kodi pamenepo pali mtendere? Mtendere ndi pamene munthu ukugona tulo osaopa kuti chitseko chitsekulidwa ndi ndani. Pacifist weniweni akufuna mtendere, ndipo nthawi zambiri kuti aupeze amayamba wasokoneza bata.

Tsopano tanthauzo lenileni. Pacifism ndi chikhulupiriro chakuti nkhondo si njira yoyenera yothetsera mikangano, ndipo mayiko ayenera kuthetsa kusamvana pokambirana, kudzera m'malamulo ndi mwa amkhalapakati. Makolo athu ananena kalekale m'mawu atatu: nkhondo simanga mudzi. Koma anthu otchedwa dzinali sali ofanana onse. Alipo amene amati kupha munthu n'kolakwa nthawi zonse, olo zitavuta maka. Mipingo ina monga ya Quaker ndi Mennonite yakhala ndi chiphunzitso chotere kwa zaka mazana. Alipo ena amene amati munthu akhoza kudziteteza akaukiridwa, koma nkhondo ya pakati pa mayiko, ndi mabomba ake osasankha msilikali kapena khanda, singakhale yolungama. Ndiye palinso mawu ena, akuti anti-war, amene ndi otakata kwambiri. Munthu wa anti-war akhoza kutsutsa nkhondo inayake, iyi yokha, popanda kulumbira kuti sadzagwirapo chida.

Chitsanzo chabwino cha kusiyana kumeneku chili m'chikwama mwanu, pa K500. Mu Sepitembala 1914 asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa amene anafa mbali zonse anali anthu akuda. Mu Novembala chaka chomwecho M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yotsutsa zotenga anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Mfundo yake inali yakuti olemera ndi eni maudindo, amene nkhondoyo ikuwapindulira, ndiwo apite, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda chowathandiza. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Sanamumvere, ndipo nkhondo ija, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, inatenga amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino kukhala amtengatenga. Koma pa 23 Januwale 1915 Chilembwe yemweyo anatsogolera anthu ake kuukira atsamunda ndi zida. Ndiye tinganene kuti Chilembwe anatsutsa nkhondo ija ndi mtima wake wonse, koma sitinganene kuti anali pacifist. Kusiyanitsa chonchi sikumuchotsera ulemu. Tikungoika mawu pamalo pake.

Nanga amayi ali pati m'nkhaniyi? Ali pakati penipeni. Mu 1889 mayi wina wa ku Austria, Bertha von Suttner, anatulutsa buku lotchedwa Die Waffen nieder!, kutanthauza kuti tulani pansi zida. Linali nthano ya mkazi amene nkhondo zinamulanda okondedwa ake, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mu 1905 anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Anatha zaka akuchenjeza kuti Ulaya akupita kuphompho, amuna ambiri audindo akumuseka. Anamwalira mu Juni 1914, patangotsala sabata imodzi kuti kuchitike chiwembu cha ku Sarajevo chimene chinayatsa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Paja amati wamisala anaona nkhondo.

Nkhondoyo ili mkati, kumapeto kwa Epulo 1915, amayi opitirira 1,100 ochokera m'mayiko 12 anakumana ku The Hague, ku Netherlands. Anawaitana ndi dokotala wachikazi Aletta Jacobs, ndipo wapampando anali Jane Addams wa ku America. Taganizirani: amuna awo ndi ana awo akuphana m'maenje, iwo akukhala pa tebulo limodzi, a ku Germany ndi a ku Belgium. Ambiri mwa iwo analibe ngakhale ufulu woponya voti kwawo. Ku Britain amayi ambiri anafuna kupita, boma linawatchinga, ndipo atatu okha ndi amene anapezeka pa msonkhanowo. Atamaliza sanangobwerera kukaphika. Anatuma nthumwi kukaonana ndi atsogoleri a mayiko kuti mayiko osalowerera nkhondo akhale amkhalapakati. Nkhondo sinathe chifukwa cha iwo, tisanamizane. Koma pamenepo panabadwa bungwe la Women's International League for Peace and Freedom, lomwe lilipo mpaka lero.

Apa tichenjezane chinthu chimodzi. Tisamanene kuti amayi mwachibadwa ndi okonda mtendere. Mbiri ikukana. Nthawi yomweyo ku Britain kunali amayi amene ankayenda m'misewu kupatsa nthenga zoyera anyamata osavala yunifolomu, kutanthauza kuti ndinu amantha, pitani mukamenye. Emmeline Pankhurst, yemwe anamenyera kwambiri ufulu wa amayi woponya voti, anachemerera nkhondoyo, pamene mwana wake Sylvia anaitsutsa. Mayi ndi mwana wake, nyumba imodzi. Kukana nkhondo munthu amachita kusankha, sabadwa nako. Ndipo tikavomera kuti ndi chibadwa chathu, mawa adzatiuza kuti poti ndinu ofatsa mwachibadwa, za chitetezo cha dziko zisiyireni abambo.

Amene akuganizabe kuti pacifist ndi wamantha amve za Jeannette Rankin. Anali mayi woyamba kusankhidwa kupita ku nyumba ya malamulo ya dziko la America, mu 1916. Mu Epulo 1917 anavota kukana kuti dziko lake lilowe nkhondo, pamodzi ndi aphungu ena 49. Pa 8 Disembala 1941, tsiku lotsatira Japan itaphulitsa Pearl Harbor, anavotanso kukana. Ulendo uno anali yekhayekha, 388 kwa mmodzi. Anthu anakwiya mpaka anakabisala m'kachipinda koimbira foni kudikira apolisi kuti amuperekeze, ndipo ndale zake zinathera pomwepo. Mukhoza kunena kuti analakwitsa, ndipo ambiri amatero poona zimene Hitler ndi anzake ankachita. Koma wamantha? Ndani wa ife anaimapo yekha pamaso pa anthu 388?

Tibwere kuno ku Africa. Mu 2003 dziko la Liberia linali litatopa ndi nkhondo yapachiweniweni. Amayi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee ndi anzake, anayamba kuvala zoyera n'kumakhala pansi pabwalo lina pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, padzuwa ndi pamvula, tsiku ndi tsiku. Anakakamiza Pulezidenti Charles Taylor mpaka anavomera kukumana nawo, ndipo analonjeza kupita ku zokambirana ku Accra, ku Ghana. Kumeneko akuluakulu a magulu omenyana anakhala masabata ambiri m'mahotela, zokambirana osayenda, kwawo anthu akufa. Amayi aja anapita kukakhala pakhomo pa holo, atakolana mikono, n'kunena kuti palibe atuluke muno mpaka mugwirizane. Achitetezo atabwera kuti amugwire, Gbowee anaopseza kuti avula. Inu mukudziwa tanthauzo la mayi kuvula pamaso pa ana ake, olo kuno kwathu. Amuna aja anabwerera pampando. Pa 18 Ogasiti 2003 pangano la mtendere linasainidwa. Mu 2005 Liberia inasankha Ellen Johnson Sirleaf, ndipo mu 2011 Gbowee ndi Sirleaf analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Tawakkol Karman wa ku Yemen. Pali zinthu zinanso zimene zinathandiza kuthetsa nkhondoyo, monga zigawenga zimene zinazinga Monrovia ndi asilikali a mayiko a kumadzulo kwa Africa. Koma palibe angaone amayi amenewa n'kunena kuti anapinda manja. Chetechete sautsa nyama.

Tsopano funso lovuta lija, poti tikudziwa lili pamilomo panu. Munthu akandigwira usiku pa njira, ndimusiye? Ayi, asisi. Menyani, kuwani, lumani, thawani. Ambiri mwa anthu otchedwa pacifist sakukamba za mtsikana amene akudziteteza kwa chigawenga. Akukamba za nkhondo, imene imakonzedwa m'maofesi, imakhala ndi bajeti, ndipo amene amailamula si amene amakafa. Funso lovutadi ndi lina: nanga dziko likaukiridwa? Nanga anthu akamaphedwa ngati ku Rwanda mu 1994, kumene m'masiku pafupifupi 100 kunaphedwa anthu mazanamazana a zikwi dziko lonse likungoonerera? Pamenepa ngakhale ife amene takonza nkhaniyi sitigwirizana tonse. Ena mwa ife timati pali nthawi imene mfuti yoteteza imafunika. Ena timati nkhondo iliyonse imayamba ndi mawu omwewo akuti tikuteteza. Muno mulinso ana ndi akazi a asilikali. Asilikali athu akhala akupita ku DRC kukasungitsa mtendere, ndipo ena sanabwerere amoyo. Kukana nkhondo sikutanthauza kunyoza iwowo. Munthu amene safuna kuti mwamuna wako akafe ali mbali yako.

Wina anganene kuti ife a Malawi nkhondo sitiidziwa. Kafunseni amayi anu kapena agogo anu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu kapena Dedza. Nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, inathamangitsira kuno anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ena olankhula chinenero chathu chomwechi. Tinagawana nawo zitsime, nkhuni ndi manda. Nkhondo imeneyo inathera pa tebulo, ku Rome, pa 4 Okutobala 1992, patatha zaka ziwiri akukambirana. Lero pitani ku Dzaleka, ku Dowa, mukamve kwa atsikana anzathu ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda zimene nkhondo imachita pa thupi la mkazi. Nchifukwa chake pa 31 Okutobala 2000, dziko la Namibia lili pampando, Security Council ya United Nations inavomereza mfundo nambala 1325, yonena kuti amayi azitetezedwa pa nthawi ya nkhondo komanso azikhala nawo pa tebulo pokambirana za mtendere. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti pa tebulo. Kukhitchini kophikira nthumwi takhalako kale mokwanira.

Nde m'Chichewa tizinena bwanji? Ife tikupempha kuti tisiye kumasulira pacifist kuti "wokonda mtendere". Mtendere aliyense amati amaukonda. Ngakhale wogulitsa mfuti amaukonda pakhomo pake. Munthu amene amakana nkhondo iliyonse timutche wokana nkhondo. Amene akutsutsa nkhondo inayake tinene momveka kuti akutsutsa nkhondo ya kwakuti, monga anachitira Chilembwe. Amene wakana kulowa usilikali chifukwa cha chikhulupiriro chake, ngati Muhammad Ali mu 1967 pa nkhondo ya ku Vietnam, mpaka kulandidwa lamba wake wa nkhonya, ameneyo ndi wokana usilikali chifukwa cha chikumbumtima. Ndipo amene akuyenda pakati pa omenyana kuti amvane ndi mkhalapakati, kapena womanga mtendere. Mawu onsewa ali ndi mneni mkati: kukana, kutsutsa, kumanga. Mulibemo kugonja.

Chinanso, tisamalole kuti mawuwa akhale chitonzo. Munthu akakutchani pacifist pofuna kunena kuti ndinu wofooka, mufunseni kuti akudziwa komwe mawuwo anachokera. Ndipo ifenso tisamadzitche dzinali mwachisawawa chifukwa likumveka bwino pa Facebook. Ndi dzina lolemera. Ena anamangidwa nalo, ena anataya nalo ntchito. Ngati mukutsutsa nkhondo ya ku Sudan koma mukuona kuti dziko loukiridwa lili ndi ufulu wodziteteza ndi zida, nenani choncho. Palibe chamanyazi pamenepo.

Pomaliza, tibwerere kwa mnzathu uja anafunsa ngati pacifist akapondedwa amati zikomo. Achemwali, yankho ndi lakuti ayi. Amati chotsani phazi lanu. Akapanda kuchotsa amaitana anzake, amakhala pakhomo, amalemba kalata, amapita kukhoti, amavota yekha ngati kuli kofunika kutero. Chimene amakana ndi kutuma mwana wa mnzake kuti akaphe kapena kukaphedwa m'malo mwake.

Ndiye mukabwerera kunyumba, kuntchito, kusukulu, wina akadzakuuzani kuti khalani chete kuti pakhale mtendere, mudzamufunse mofatsa kuti akufuna mtendere kapena akufuna bata. Tsopano tigawane m'magulu a anthu asanu asanu, tikambirane funso la dziko loukiridwa lija, poti talisiya lili poyera. Amene simunagwirizane nafe ndinu amene muyambe kulankhula.